Koleji ikati "nkhaniyi isatuluke kunja"

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti: "Mwana wanga wamkazi ali m'chaka chachiwiri pakoleji ina. Mphunzitsi wake amamuitanira kuofesi payekha, kumugwiragwira, n'kumamuopseza kuti akakana kugona naye alephera mayeso. Atakadandaula kwa akuluakulu, anamuuza kuti nkhaniyi isatuluke kunja chifukwa iipitsa mbiri ya sukulu. Papita miyezi itatu, kuli zii. Mwanayu akufuna kungosiya sukulu. Nditani?" A loya, mwaimva kalatayo.

Loya: Ndaimva, ndipo mayi, pepani kwambiri. Mwana wanuyo mumuuze lero lomwe kuti sanalakwe kanthu, ndipo sukulu asasiye.

Zimene akuchita mphunzitsiyo ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013, mu gawo 6, likuletsa chipongwe chilichonse chokhudza kugonana, kaya cha pakamwa kaya chogwiragwira, ndipo wopezeka wolakwa chilango chake ndi chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5.

Koma funso lanu lagona pa gawo 7. Gawoli likufuna kuti olemba anthu ntchito akhale ndi ndondomeko yothana ndi mchitidwewu, ndipo likunenetsa kuti ngakhale munthu amene sagwira ntchito pamalopo angathe kukadandaula kwa abwana a wochita chipongweyo. Koleji ndiyo idamulemba ntchito mphunzitsiyu. Ndiye dandaulo la mwana wanu iyenera kulilandira, kulifufuza mwamsanga, ndi kusunga chinsinsi chake. Chinsinsicho n'choteteza mwanayo kuti asamalozedwe chala pasukulu. Akuluakulu akachisandutsa chobisira mphunzitsi, apotoza lamulo, ndipo ine zimandiwawa chifukwa atsikana ambiri amagwa mphwayi pamenepa.

Gawo lomwelo likunenanso kuti wochitidwa chipongwe sayenera kudikira kuti zokambirana za pamalopo zithe asanapite kupolisi kapena kukhoti. Mawa lomwe angathe kupita ku Victim Support Unit ya polisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, bungwe limene lidapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.

Asanapite, alembenso dandaulo lake lopita kwa akuluakulu a koleji papepala, alembepo tsiku, achititse fotokope, ndipo wolandirayo asaine ndi kudinda chidindo pa kope imene mwanayo atsale nayo. Mauthenga a pa WhatsApp asafufute ngakhale umodzi. M'kalatamo apemphe kuti mayeso ake achonge mphunzitsi wina. Ngati koleji ndi ya boma, gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino likumupatsa ufulu wouzidwa zifukwa za chigamulo chawo molemba, ndipo akapitiriza kuzengereza, ofesi ya Ombudsman ilipo.

Wowulutsa: Ina ndi ya mtsikana amene wapempha kuti tisatchule kumene ali. Akuti mnyamata wophunzira naye adamugwiririra kuhositelo, ndipo akufunsa ngati ayambire kwa akuluakulu a koleji.

Loya: Ayi mwanawe, yambira kuchipatala. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito ukayamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo kumeneko akupatsanso oteteza kuti usatenge mimba. Kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuli One Stop Centre, kumene adokotala, apolisi ndi alangizi umawapeza malo amodzi. Ngati uli kutali, pita kuchipatala cha boma chapafupi. Zovala za tsiku limenelo usachape. Uzikulunge m'pepala, osati m'jumbo. Ngakhale maola 72 atadutsa, pitabe, mlandu wogwiririra sufa ndi masiku atatu.

Ukatero ukadziwitse koleji. Ili ndi malamulo ake a mwambo, ndipo siyenera kudikira chigamulo cha khoti kuti ikuteteze. Pempha kuti mnyamatayo achotsedwe kuhositelo imene ukugona, ndipo ngati mayeso ayandikira mutu usanakhazikike, pempha tsiku lina lolembera. Iyenso adzapatsidwa mpata woyankha, poti ndi mmene chilungamo chimayendera, koma asakukakamize kukhala naye chipinda chimodzi kuti "mugwirizane". Popita kuofesi utenge mnzako kapena wachibale amene umamukhulupirira, usapite wekha.