PHUNZIRO: KODI PHUNGU WATHU ANAVOTA BWANJI?

Abale athu a ku Kasiya, inu alimi a fodya mudziwa bwino mwambo wa malonda. Munthu akatumiza mabelo ace ku okushoni ku Kanengo, sakhutira ndi mau akuti, “Zayenda bwino.” Afuna kuona pepala lonena kulemera kwa belo liri lonse ndi mtengo wace. Phunziro lathu la mwezi uno liri la pepala lina lotere, limene tiyenera kulifuna kwa mthenga wathu wa ku Nyumba ya Malamulo.

1. Za kale

M’caka ca 1907 Boma la Atsamunda linakhazika bwalo lopanga malamulo ku Zomba. Munalibe munthu wakuda m’menemo. Mmishoni ndiye anali kunenera eni dziko. Afirika oyamba analowamo m’caka ca 1949, osankhidwa ndi Boma. Makolo athu sanakhoze kufunsa za voti ya phungu wao, pakuti analibe phungu. Lero ziri zina: pa 16 September 2025 dziko, logawidwa m’madera 229, linasankha aphungu, ndipo Nyumba yao iri mu Lilongwe, m’boma lathu lomwe lino.

2. Mavotedwe a m’Nyumba

Nkhani zambiri zitha ndi mau a pakamwa. Sipikala afunsa obvomera kuti ayankhe pamodzi, kenaka okana, ndipo iye aweruza mbali imene yamveka koposa. Pamenepo dzina la munthu silioneka. Koma pa nkhani zina, makamaka posintha lamulo lalikuru la dziko, pafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu, ndipo mavoti awerengedwa limodzi limodzi. Zonenedwa m’Nyumba zilembedwa m’buku lochedwa Hansard. Bukuli liri m’Cingerezi, ndipo liri lalitari. Mlimi wa ku Nsaru kapena mai wogulitsa tomato pa Kasiya sangapeze nthawi yofufuzamo dzina limodzi.

3. Zitsanzo ziwiri

Pa 4 July 2002, m’masiku a Bakili Muluzi, Nyumba inavota pa nkhani yocotsa malire a nthawi imene mtsogoleri wa dziko angalamulire. Obvomera anali 125, okana 59, ndipo nkhaniyo inagwa cifukwa panaperewera mavoti atatu okha. Anthu atatu akadatembenuka mtima, mbiri ya Malawi ikadayenda njira yina.

M’mwezi wa February 2017 Nyumba inasintha lamulo lalikuru kuti yense wosafika zaka 18 ayesedwe mwana, ndi kutseka khomo la ukwati wa ana. Obvomera anali 131, okana 2.

Ziwerengero izi zidziwika. Koma ndani wa ife anganene kumene phungu wa kwao anaima pa masiku awiriwo? Kodi anabvomera, anakana, kapena mpando wace unali wopanda munthu?

4. Cifukwa cace tiyenera kudziwa

Lamulo lalikuru la 1994 linali ndi ndime 64, yopatsa anthu mphamvu yocotsa phungu nthawi yace isanathe. Ndimeyo inafafanizidwa m’caka ca 1995. Cotero tatsala ndi tsiku limodzi loweruza pa zaka zisanu. Tikafika pa tsikulo osadziwa nchito yace ya m’Nyumba, timuyesa ndi bokosi la maliro limene anagula, kapena nsaru ndi ndalama za pa msonkhano. Zimenezo si nchito imene tinamtuma. Tinamtuma kukapanga malamulo ndi kukabvomera kapena kukana kagawidwe ka msonkho wathu, m’mene mucokera mankhwala a kucipatala, miseu ndi feteleza wotsika mtengo.

Ena ati, “Phungu atsata cipani cace, voti yace tiidziwa kale.” Nkhani ya 2002 itiphunzitsa kuti anthu owerengeka akhoza kutembenuza mlandu. Enanso ati kuchula maina kudzaopsa aphungu. Koma wocita bwino apindula nako, pakuti mabodza a adani ace atha pamene colembedwa cioneka. Akuru anati mlandu suola.

5. Cimene cingacitike

Ku Britain, pakakhala kuwerenga mavoti, maina a obvomera ndi okana aikidwa pa intaneti, ndipo yense akhoza kuona za phungu wa kwao. Kwathu kuno lamulo liripo kale lotithandiza. Ndime 37 ya lamulo lalikuru ipatsa munthu ufulu wodziwa nkhani zosungidwa ndi Boma, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira nchito pa 30 September 2020.

Cotero tipemphe zinthu zitatu: kuti pa nkhani zazikuru maina alembedwe, kuti aikidwe pa intaneti msanga, dera ndi dera, m’Cicewa ndi m’zinenero zina, mwacidule kuti foni ya m’manja ikhoze kutsegula, ndi kuti amene ali ndi foni awerengere anzao pabwalo la mfumu. Phungu akadzafika pa Kasiya, timlandire ndi ulemu, ndipo timfunse kuti, “Olemekezeka, pa nkhani yakuti munavota bwanji, ndipo cifukwa ninji?”

Mafunso okambirana

1. Kodi Hansard nciani?
2. Ndime 64 inanena ciani, ndipo inacotsedwa liti?
3. Ndi nkhani iti imene mufuna kudziwa voti ya phungu wanu?