Musanakulitse chithunzi cha pakhoma

Ife a kwa Mposa tikafuna chithunzi chachikulu cha ukwati kapena chonyamula pamaliro, ulendo wake ndi wa ku Liwonde, ku Balaka kapena ku Zomba. Ndalama ya thiransipoti ndi yambiri kale, choncho ndi bwino kukafika ku situdiyo mukudziwa chonena.

Mawu amene mukawamve kumeneko ndi akuti enlargement. Amachokera ku enlarge, kutanthauza kukulitsa, ndipo amanena chithunzi chotsukidwa papepala lalikulu kuposa kaja ka masentimita 10 kwa 15 kamene timasunga mu alubamu. Ena amati blow-up. Musadzidzimuke: pa Chingerezi blow up ndi kuphulitsa, ndi kupopanso mpira, koma wojambula akatero akungonena kukulitsa.

Mawuwo paokha satchula kukula kwake, ndiye mutchule nokha. A4 ndi masentimita 21 kwa 29.7, ngati pepala lolembapo kalata. A3 ndi mapepala awiri a A4 ogundanitsa, 29.7 kwa 42. Yezani khoma kapena felemu musananyamuke.

Tsono nkhani yaikulu nayi. Kukulitsa chithunzi kuli ngati kuthira madzi mu ndiwo alendo akachuluka: mphika umadzaza, koma matemba ndi omwe aja. Chithunzi cha pafoni ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo makina amangotimwaza pamalo aakulu. Kuti A4 ioneke bwino ngakhale mutaiyandikira, pamafunika mapikiselo pafupifupi 2,480 kwa 3,508. Akachepa kwambiri, nkhope imasungunuka.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Agogo atatisiya, mlongo wanga wa ku Joni ananditumizira pa WhatsApp chithunzi chawo ataima padooko m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Pafoni chinkaoneka bwino zedi. Ku situdiyo ndinaumirira A3. Wotsukayo anayang'ana n'kuti, "Achimwene, ichi n'chofinyidwa, tipange kakang'ono." Sindinamve. Chimene ndinabwera nacho, duku linkaoneka, ngalawa kumbuyo inkaoneka, koma maso a agogo anali ngati utsi. Azakhali anachitembenuza kawiri n'kufunsa kuti, "Amenewa ndi ndani?"

WhatsApp ndi Facebook zimafinya zithunzi kuti zisadye bandulo. Ndiye muuzeni wokutumizirani chithunzi atumize ngati document, pakuti chikatero chimafika chosafinyidwa. Chikakhala m'foni yomwe inajambula, tengani foniyo kapena memore khadi yake. Screenshot ndiye iwalani. Muli ku situdiyoko, pemphani kuti akuonetseni nkhopeyo pa kompyuta pa kukula kumene idzatulukire. Zikakukayikitsani, tsikirani pa A4.

Onetsetsaninso m'mbali. Zithunzi zambiri za pafoni sizifanana kaonekedwe ndi pepala la A4, kotero pena pake pamadulidwa. Sankhani nokha podula, kuopa kuti mkwatibwi angabwere wopanda mapazi. Ndipo musalole kuti achikoke kuti chidzaze pepala, munthu wonenepa amasanduka nsungwi.

Chithunzi chakale cha papepala chimafunika kusikana, osati kuchijambula ndi foni dzanja likunjenjemera. Kachithunzi ka pachiphaso musakakakamize kupitirira kawiri kapena katatu kukula kwake. Akamaliza, choyambacho mubwerere nacho kunyumba, ndipo musachimate pulasitiki yotenthetsa ija, chifukwa ikagwira simatuka.

Kwathu kuno chinyezi cha dzinja si chamasewera. Chithunzi chikakhudzana ndi galasi chimamatirira, mukati muchotse nkhope imatsalira pagalasipo. Pemphani felemu yokhala ndi katoni yozungulira m'mphepete, yosiya kampata pakati pa galasi ndi chithunzi. Pachikani kutali ndi utsi wa kukhitchini, pomwe dzuwa silimenya ndiponso denga silidontha. Ngati khoma lili la zidina, muzichitsitsa nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe sichinayambe kumanga kuseri kwake.