Kupeza Mmisiri Woika ndi Kukonza Mabulaindi

Dzuwa la mu Okutobala likapendeka, chipinda choyang'ana kumadzulo sichikhalika. Ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ayamba kuika mabulaindi m'malo mwa makatani, koma kulimba kwake kumadalira mmisiri woika.

Choyamba, mwininyumba asankhe mtundu. Alipo okulungika ngati mphasa, alipo a timapale ta aluminiyamu topingasa, amene saopa chinyezi cha m'khitchini ndi m'bafa, ndiponso a nsalu zolendewera, okondedwa m'maofesi.

Kenako afunsefunse. Ogulitsa m'mahadiweya a ku Limbe kapena ku Old Town, ngakhalenso osoka makatani, kawirikawiri amawadziwa amisiri otere. Zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp pazokha sizikwanira. Ndi bwino kupita kukaona ntchito imene yatha chaka ili pawindo, n'kukoka chingwe chake kuti aone ngati chikuyendabe bwino.

Pa kuyeza m'pamene mmisiri weniweni amadziwikira. Amabwera yekha ndi tepi, salandira miyeso pafoni. Mulifupi mwa windo amayeza katatu, pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa pulasitala sawongoka ndendende, ndipo ngati bulaindi ikulowa mkati mwa windo amatenga muyeso wochepetsetsa. Amayang'ananso zitsulo zotchingira akuba ndi zogwirira windo. Zikatulukira kwambiri, bulaindi imakhulana nazo, choncho amaimangirira kukhoma, pamwamba pa windo. Pakhoma la njerwa amaboola ndi makina, n'kulowetsa mapulagi ndi masikuluwu. Wobwera ndi misomali ndi hamala ndi wofunika kumubweza.

Mtengo ulembedwe papepala ndi amisiri awiri kapena atatu, kusonyeza katundu, ntchito, thiransipoti ndi tsiku lomaliza. Chikole chikaperekedwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, umboni umatsala mufoni. Ndalama zotsala zidikire ntchito ithe.

M'nyumba ya ana aang'ono, chingwe cholendewera chingathe kukola mwana pakhosi. Mmisiri achifupikitse ndi kuchikoleka pakhoma, mamita 1.5 kuchokera pansi, kutali ndi bedi kapena mpando.

Bulaindi ikawonongeka si yotaya. Chingwe, tcheni, timapale topindika ndi tizokowera tapulasitiki zonse zimasinthika pazokha, choncho mmisiri anene asanayambe ntchito ngati amasunga zimenezi komanso kuti adzakonza ulere kwa miyezi ingati. Mmisiri akathawa ndi chikole, wodandaula atenge pepala la mtengo ndi umboni wa malipiro kupita nazo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula.