PHUNZIRO: CV YOYANKHA ZIMENE OLEMBA NTCHITO AFUNSA

Amayi anzathu, ana athu ambiri kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi ali ndi satifiketi ya MSCE koma angokhala pakhomo. Ambiri amalemba CV imodzi, n'kuchita fotokope, n'kumaitumiza paliponse. CV yotere kawirikawiri siyankhidwa chifukwa sinena zimene olemba ntchitowo akufuna.

Masiku ano mipata ya ntchito imalengezedwa pa intaneti, pa Facebook ndi pa WhatsApp, kuwonjezera pa nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times. Mabungwe othandiza anthu, monga UNHCR imene imagwira ntchito ku msasa wa Dzaleka, amalengezanso pa ReliefWeb. Chilengezo chilichonse chili ngati pepala la mayeso, ndipo CV ndiyo mayankho ake.

Tiwathandize ana athu motere:

1. Akopere chilengezo chonse m'kope. Izi zimapulumutsa bandulo.
2. Adule mzere kunsi kwa maphunziro, luso ndi zaka zimene zikufunika.
3. Pa chofunika chilichonse alembe umboni. Ngati akufuna wodziwa kusunga ndalama, amene wakhala msungichuma wa banki m'khonde zaka 3 alembe zimenezo, atchulenso chiwerengero cha mamembala.
4. Agwiritse ntchito mawu omwewo a m'chilengezo, pakuti mabungwe ena aakulu amasefa ma CV ndi kompyuta munthu asanawaone.
5. Alembe zoona zokhazokha. Tsiku la intavyu adzafunsidwa za zonse walemba, ndipo adzaonetsa satifiketi yeniyeni ya ku MANEB.
6. CV isapitirire masamba 2, ndipo ifike tsiku lotsekera lisanakwane.

Tichenjerenso ndi akuba. Wina akatiuza kuti titumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti mwana alembedwe ntchito, tisatumize. Ntchito yeniyeni sagula. Tisagulitse soya kapena mbuzi chifukwa cha uthenga wa pa foni. Tiyambe tafunsa ku ofesi ya bungwelo. Paja safunsa anadya phula.

Mafunso okambirana m'magulu:

a) Ndi ntchito ziti zimene ife amayi timagwira m'mudzi zoyenera kulembedwa pa CV?
b) Ndani pakati pathu ali ndi foni ya intaneti amene angamatiwerengere zilengezo?

Sabata yamawa aliyense abwere ndi chilengezo chimodzi, tidzayesere limodzi.