Musanapereke Ndalama Zogulira Nyumba

Kawirikawiri ku ofesi ya zamalo kuno ku khonsolo kumafika anthu atanyamula kapepala kolembedwa pamanja, kosainidwa ndi wogulitsa ndi mboni ziwiri, akudandaula kuti nyumba yomwe adagula ikulimbiranidwa. Ambiri amakhala kuti ndi nyumba yawo yoyamba, ndipo ndalama adazisonkhanitsa kwa zaka zambiri.

Cholakwika chachikulu n'kukhulupirira mawu a dobadoba. Iye amadya pokhapokha malonda atatheka, n'chifukwa chake amakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa. Ngati nyumbayo ili pa malo a lizi, pitani nokha ku kaundula wa Unduna wa Zamalo mukafufuze. Kumeneko mudzaona dzina la mwini weniweni, komanso ngati nyumbayo idaperekedwa chikole ku banki. Ngongoleyo ikapanda kubwezedwa, banki ikhoza kugulitsa nyumbayo inu muli momwemo.

Nyumba za masiye ndizo zimaliza anthu kwambiri. Mwana wachisamba kapena mlongo wa malemu akhoza kukhala ndi makiyi ndi mapepala onse, koma zimenezo sizimupatsa mphamvu zogulitsa. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limateteza gawo la mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana. Pemphani kuona kalata ya ku khoti yosonyeza amene adapatsidwa udindo woyang'anira chumacho, ndipo mukumane ndi olowa chuma onse. Wogulitsa akamazemba kukuonetsani abale ake, ine ndinganene kuti bwererani ndi ndalama zanu.

Pa malo a mafumu, kalata ya nyakwawa yokha siyokwanira. Yendani m'malire pamodzi ndi oyandikana nawo, eni mbumba ali pomwepo.

Musaweruze nyumba m'chilimwe poona penti. Ikaoneni nthawi ya dzinja, mufunse kumene madzi amadzera. Tonse tikukumbukira momwe namondwe wa Freddy adakokololera nyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Marichi 2023. Funsaninso a mapulani ku khonsolo ngati nyumbayo sidalowe m'malo osungidwira msewu, chifukwa yotero ikhoza kugwetsedwa.

Funsani za ngongole za madzi, za ESCOM ndi msonkho wa malo. Polipira, dzerani ku banki kuti umboni utsale, ndipo gawo lomaliza muligwire kaye mpaka mapepala osinthira umwini atasainidwa.