Akafula ndi Zojambula Zawo pa Matanthwe

M'dera la Mfumu Yaikulu Jenala, m'boma la Phalombe, mwezi wa Okotobala umatentha koopsa. Udzu umauma, timitsinje timaphwa, ndipo kamvulumvulu amanyamula fumbi m'minda yopanda mbewu. Chakumwera, mapiri a Mulanje ndi Michesi amaoneka mwachizimezime chifukwa cha utsi wa moto wolusa. Madzulo a masiku otere anthu safulumira kuloŵa m'nyumba. Amayala mphasa pabwalo, ana namamvera nkhani za akuluakulu.

Tsiku lina madzulo agogo ena a m'deralo adasonkhanitsa adzukulu awo nati, "Adzukulu anga, dziko lino makolo athu adalipeza lili ndi eni ake. Eni akewo adali anthu aafupi msinkhu, osalima, osaŵeta, koma akatswiri pa uta ndi muvi. Munthu akakumana ndi mmodzi wa iwo m'tchire, ankafunsidwa kuti, 'Mwandionera pati?' Wopusa ankayankha kuti, 'Pano pomwe.' Basi wamfupi uja ankapsa mtima poganiza kuti akunyozedwa, ndipo muvi unkatuluka m'phodo. Koma wochenjera ankati, 'Ndakuonerani patali, ndili kutsidya kwa dambo lija.' Pamenepo wamfupiyo ankavina ndi chimwemwe, nkumulola mlendoyo kupitirira. Ndicho chifukwa chake anthuwo ankatchedwa Amwandionerapati."

Kamtsikana kena kadafunsa kuti, "Kodi Agogo, anthu ameneŵa adalikodi, kapena ndi nthano chabe?"

Agogo aja adaseka nati, "Mdzukulu wanga, ngati ukukayika mawu anga, ukafunse matanthwe a ku Machemba."

Anthu oyamba m'dziko muno

Agogowo sadaname. Pa phiri la Machemba, m'boma lomweli la Phalombe, ndiponso ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, kudapezeka zithunzi zakalekale zojambulidwa pa matanthwe. Zithunzi zotere ndi umboni woti kudali anthu ena kuno Amang'anja, Ayao ndi Alomwe asadafike. Anthuwo amadziŵika ndi maina atatu: Akafula, Abatwa ndi Amwandionerapati. Ena amati dzina loti Akafula lidachokera ku mawu oti kufula, popeza ankafula uchi ndi kukumba mizu.

Akafula ankakhala m'timagulu ting'onoting'ono. Amuna ankasaka nyama, akazi ndi ana nkumatola zipatso, boŵa, mbalabungu ndi zikhawo. Nyama ndi zipatso zikachepa pamalo, ankasamuka. Chifukwa cha ichi sankamanga midzi yokhazikika. Nyengo ya mvula ankabisala m'mapanga ndi pansi pa matanthwe olendeŵera. Chitsulo sankachidziŵa. Mipeni ndi nsonga za mivi ankapanga posema timiyala toyera tolimba, ndipo ndodo yokumbira ankailemetsa poiveka mwala woboola pakati.

Zaka pafupifupi 1,700 zapitazo, m'dziko muno mudayamba kufika anthu olima, oumba mbiya ndi osula zitsulo. Mapale a mbiya zawo adapezeka ku Nkope m'boma la Mangochi. Kwa zaka mazana ambiri alimi ndi Akafula adakhala moyandikana, koma minda itakula nkhalango zidachepa, ndipo Akafula adazimirira pang'onopang'ono. Lero palibe mudzi ngakhale umodzi m'Malaŵi wolankhula chilankhulo chawo.

Zimene zidapezeka m'mapanga

Akatswiri ofukula zakale adakumba pansi pa mapanga angapo. Mu 1950 J. Desmond Clark adafukula mafupa a anthu akale pa phiri la Hora m'boma la Mzimba. Mu 1966 ena adakumba phanga la Fingira ku Nyika, ndipo mu 1972 Clark yemweyo adakumba ku Chentcherere m'boma la Dedza. M'malo ameneŵa adapeza zida zamiyala, mikanda, phulusa la moto ndi mafupa a nyama zimene anthuwo ankadya.

Mu 2017 asayansi adalengeza zimene adapeza atapima mafupa a anthu a m'mapanga atatuŵa. Ena mwa mafupa a ku Hora adapezeka kuti ndi a zaka zoposa 8,000. Adapezanso kuti anthuwo adali ndi chibale chakalekale ndi alenje a mtundu wa San a kumwera kwa Afirika, komanso ndi alenje a kuvuma kwa Afirika. Motero zimene agogo amasimba pabwalo ndi zimene akatswiri adafukula m'nthaka zidagwirizana. Paja akuluakulu adati mawu a akulu amakoma akagonera.

Zithunzi zofiira ndi zoyera

Malo otchuka kwambiri a zithunzi za pa matanthwe m'Malaŵi ndi Chongoni m'boma la Dedza. Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zithunzi, monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni m'kaundula wa malo a mtengo wapatali kwa anthu a dziko lonse lapansi.

Zithunzi za ku Chongoni zili m'magulu aŵiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati adajambula ndi Akafula. Utoto wake ankaupanga popera miyala yofiira, najambula ndi zala. Zambiri mwa zithunzizi sizionetsa nyama kapena anthu. Ndi mizere yozungulira, ina mkati mwa inzake, mizere yoŵala ngati dzuŵa, mizere yondondozana, ndi zina zooneka ngati makwerero. Akatswiri ambiri amaganiza kuti zinkakhudza miyambo ya mvula ndi ya kubereka.

Zoyera ndi za Acheŵa, amene adabwera pambuyo pake. Ankajambula ndi dothi loyera, kaŵirikaŵiri pamwamba pa zofiira zija. Zina ndi zilombo zotambalala miyendo zimene anamkungwi ankaphunzitsira atsikana pa chinamwali, ndipo zina ndi zilombo za gule wamkulu. Chotero thanthwe limodzi limasunga mbiri ya mitundu iŵiri ya anthu, wina pamwamba pa mnzake.

Alenje a m'chipululu cha Kalahari

Kuti munthu amvetse bwino moyo wa Akafula, ayenera kuyang'ana kuchipululu cha Kalahari, chimene chili m'maiko a Botswana, Namibia ndi South Africa. Kumeneko ndi kwawo kwa anthu a mtundu wa San. Kalahari ndi dziko la mchenga, udzu wapatalipatali ndi mitengo yaminga. Miyezi yambiri pa chaka madzi saoneka pamwamba pa nthaka.

Ngakhale zili tero, makolo a San adakhalako zaka zikwi zambiri chifukwa ankalidziŵa dziko lawo monga mlimi adziŵira munda wake. Ankathetsa ludzu ndi mavwende a m'tchire ndi mizu yamadzi. Ankakumba kadzenje pamchenga wachinyezi, nkuzikapo bango, namayamwa madzi apansi. Madziwo ankasunga m'zigoba za mazira a nthiŵatiŵa zimene ankakwirira mumchenga kuti adzamwe pa nthaŵi ya chilala. Mivi yawo idali yaing'ono, koma ankaipaka ulembe wochokera ku mphutsi za kachirombo kena. Mlenje akalasa nyama ankailondola pa mapazi, mwina tsiku lonse, mpaka itagwa. Nyamayo sinkakhala ya wolasa yekha. Inkagaŵidwa kwa onse a m'gulu.

Pa mapiri a Tsodilo m'dziko la Botswana pali zithunzi zoposa 4,500. Zambiri ndi za nyama monga kadyansonga, ntchefu ndi chipembere. Malowo adaloŵa m'kaundula wa UNESCO mu 2001. Kusiyana kwake ndi Akafula nkwakuti San alipo mpaka lero. Ambiri tsopano amakhala m'midzi, ana awo amapita kusukulu, ndipo oŵerengeka okha ndiwo amadalirabe kusaka. Ena adachotsedwa m'dziko la makolo awo, koma mu 2006 bwalo lalikulu la milandu ku Botswana lidagamula kuti kuwachotsa m'nkhalango yotetezedwa ya Central Kalahari kudali kosemphana ndi malamulo.

Chipululu chimene chidali dambo

Kumpoto kwa Afirika kuli Sahara, chipululu chotentha chachikulu kuposa zonse. M'dziko la Algeria, pamalo otchedwa Tassili n'Ajjer, pali zithunzi zoposa 15,000 za pa matanthwe. Chodabwitsa nchakuti zithunzizo zimaonetsa njovu, mvuu, ng'ona, alenje onyamula mauta ndi abusa oweta ng'ombe zambiri, pamalo pamene lero pali mchenga ndi miyala yokhayokha. Mvuu singakhale popanda madzi, ng'ombenso singakhale popanda msipu. Zithunzizo zikuchitira umboni kuti Sahara idali ndi nyanja, mitsinje ndi udzu. Zaka pafupifupi 5,000 zapitazo mvula idachepa, dziko lidauma, ndipo anthu ndi nyama adasamuka.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa anthu a ku Phalombe. Nyanja ya Chilwa, imene ili kumpoto kwa chigwa chawo, ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Idaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mbali yaikulu mu 2018. Pa zaka zimenezo mabwato adakhala pamatope ong'aluka, matemba nasoŵa pamsika. Mvula itabwerera nyanja idadzalanso, koma amene adaona adaphunzira kuti maonekedwe a dziko amasintha, ndi kuti mitengo ya m'mapiri ndi ya m'mbali mwa mitsinje iyenera kusamalidwa kuti madzi asathaŵe msanga.

Kusamala zithunzi

Zithunzi za Akafula zidapirira dzuŵa ndi mvula kwa zaka zosaŵerengeka, koma dzanja la munthu likhoza kuziwononga pa tsiku limodzi. Abusa ena amakoleza moto m'mapanga, mwaye nuphimba utoto. Ana ena amalemba maina awo ndi makala kapena choko pamwamba pa zithunzi. Alendo ena amathirapo madzi kuti zioneke bwino, osadziŵa kuti akuzisukulutsa. Mitengo yozungulira phanga ikadulidwa, mvula ndi dzuŵa zimafika pathanthwe mosavuta. Buku likang'ambika lina limasindikizidwa, koma chithunzi cha Akafula chikafufutika palibe wodzajambulanso, pakuti eni ake adatha.

Malamulo a dziko la Malaŵi amaletsa kuwononga kapena kuchotsa zinthu zakale zotere. Munthu akapeza chithunzi pathanthwe, zida zamiyala kapena mafupa m'phanga, asazikhudze. Akauze aphunzitsi kapena amfumu, kuti iwo akadziŵitse nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Udindo umenewu udakula mu 2025, pamene phiri la Mulanje nalonso lidaloŵa m'kaundula wa UNESCO chifukwa cha miyambo ya anthu olizungulira.

Kamtsikana ka kwa Jenala kaja katamva zonsezi kusukulu, kadabwerera kwa agogo ake nkuwauza kuti, "Agogo, mudanena zoona. Amwandionerapati adalikodi." Agogowo adangogwedeza mutu nati, "Tsono ukadzapita ku Machemba, manja ako akakhale kumbuyo. Maso okha ndiwo akagwire ntchito."

Mawu ofunika kudziŵa

phodo: thumba losungiramo mivi
chipululu: dziko louma kumene mvula imagwa pang'ono
ulembe: mankhwala akupha opaka ku mivi
mwaye: zakuda zimene utsi umasiya pakhoma kapena padenga
kufukula: kukumba ndi kutulutsa zinthu zokwiririka

Mafunso

1. Tchulani maina atatu a anthu oyamba kukhala m'dziko la Malaŵi.
2. Nchifukwa chiyani Akafula sankamanga midzi yokhazikika?
3. Kodi zithunzi zofiira ndi zoyera za ku Chongoni zimasiyana bwanji?
4. Fotokozani njira zitatu zimene San ankapezera madzi m'chipululu.
5. Kodi zithunzi za ku Tassili n'Ajjer zikuphunzitsa chiyani za Sahara?
6. Kodi agogo aja ankatanthauza chiyani ponena kuti, "Manja ako akakhale kumbuyo"?

Ntchito

1. Pezani malo aŵa pa mapu a Malaŵi: Phalombe, Nyanja ya Chilwa, Dedza, Mzimba ndi Nyika.
2. Funsani akuluakulu a kwanu zimene adamva za Amwandionerapati, ndipo mulembe ndime ziŵiri.
3. Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mawu aŵa: thanthwe, umboni, kuzimirira, kulondola.