Hazarika awiri, koma si pachibale

Tiyambe ndi bambo a ku Mulanje. Akufunsa ngati Assam amene amatchulidwa pa nkhani za tiyi ndi dziko palokha. Ayi bambo, ndi chigawo cha India, kumpoto chakum'mawa, komwe kumadutsa mtsinje wa Brahmaputra.

Mayi a ku Dedza alemba kuti: "Mwana wanga akuphunzira ku India. Anzake awiri a ku Assam onse ndi a Hazarika, koma akuti palibe chibale pakati pawo. Kodi anayambana kumudzi?"

Mayi, sanayambane ayi. Ndimanena sabata ndi sabata pa pulogalamu ino kuti musathamangire kulumikiza anthu chifukwa dzina lafanana, koma makalata otere sakutha. Ife tinazolowera kuti Phiri akakumana ndi Phiri amayamba kufunsana za chibale. Hazarika si mfunda, unali udindo.

Ku Assam kunali ufumu wa Ahom, umene anauyambitsa Sukaphaa mu 1228 ndipo unakhalapo mpaka 1826. Mwamuna wamphamvu zake ankagwirira ntchito mfumu mosinthana ndi anzake: wina akupalasa ngalawa kapena ali kunkhondo, otsalawo akumulimira munda wa mpunga. Munthu wotere ankatchedwa paik. Woyang'anira anthu 20 anali Bora, wa anthu 100 anali Saikia, wa anthu 1,000 ndiye Hazarika. Udindowu sunali wa fuko limodzi, n'chifukwa chake lero mupeza a Hazarika Achihindu, ena Achisilamu. Angerezi atatenga dzikolo mu 1826 maudindo anatha, koma zidzukulu zinasunga mayinawo.

Ndiye mukanditchulira Hazarika, mtima wanga umapita kwa Bhupen Hazarika, amene anabadwira ku Sadiya mu 1926. Ameneyu anali woimba, wolemba nyimbo, wopanganso mafilimu. Anakaphunzira ku Columbia University ku New York, kumene anadziwana ndi woimba mnzake Paul Robeson, nabwerera kwawo kukaimba za asodzi, alimi ndi anthu onyozeka. Anamwalira mu 2011, ndipo mu 2019 boma linamupatsa Bharat Ratna, ulemu waukulu koposa ku India. Mlatho wa makilomita oposa 9 pa mtsinje wa Lohit umatchedwa dzina lake. Kunalinso Jogendra Nath Hazarika, yemwe anatsogolera boma la Assam miyezi yochepa mu 1979.

Chimene chimandiwawa n'chakuti achinyamata, kuno ngakhale ku Assam, amangolemba dzina pa fomu osadziwa amene analiyamba. Agogo alipo pakhonde, inu muli pa foni, maliro akachitika ndiye mafunso ayambe. A Ahom ankalemba mbiri yawo m'mabuku otchedwa buranji, n'chifukwa chake ndikutha kukuuzani zonsezi lero.

Mayi, muuzeni mwanayo awafunse anzakewo kuti makolo awo ankayang'anira anthu a ntchito yanji. Nayenso akabwera ku tchuthi mumukhazike pansi, mumuuze kumene dzina lake linachokera.